Fomu Inati "Bambo Ake"

Ana anga, amayi anu akuti ndilembe zimene ndinkachita ku ntchito, chifukwa atopa kufotokozera anthu pamaliro kuti amuna awo sanali dokotala. Ndavomera. Za ubwana wanga sindilemba: ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira. Za ku koleji ndingonena kuti ndinakhalako zaka ziwiri, ndipo ine ndi aphunzitsi a kemisitile tinasiyana maganizo pa mayankho angapo a mayeso. Iwo anali ndi cholembera chofiira, ine ndinalibe. Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi, chikhoti choyera cha mu labu, ndi nkhope ya munthu amene wangobwera patchuthi.

Chaka choyamba pa ntchito: Chikwawa

Chikhoti chija ndicho chinandilowetsa pakhomo. Kunali labu ina yaing'ono yoyeza dothi ndi madzi a m'zitsime, ndipo ankafuna wotsuka mabotolo. Tinabwera anthu asanu ndi atatu, wovala zoyera ndinali ndekha. Abwana ake anali a Maseya, bambo wamfupi amene sindinamuonepo akuseka kapena kutuluka thukuta. Ankafunsa aliyense wa ife funso limodzi: "M'botolo ili muli chiyani?" Munali zinthu zooneka ngati madzi, ndipo anzanga onse anayankha kuti madzi. Ine, poti ndinali nditalephera kale mayeso ambiri ndipo msampha ndinkaudziwa ndi fungo, ndinati, "Sindikudziwa, bwana. Silinalembedwe." Ndinayamba ntchito Lolemba. Patapita chaka ndinawafunsa kuti kodi m'botolo muja munali chiyani. Anati madzi.

Kwa a Maseya ndinalowa chipembedzo chimene ndakhalamo mpaka lero, ndicho kukayikira. Ankati uyambe wakayikira botolo, kenako sikelo, kenako amene anagwira sikeloyo dzulo, ndipo ukatsala ndi nthawi udzikayikire wekha. Ine nthawi yomalizayo sinkandikwanira kawirikawiri. Sopo ankasowa, timapepala tomata pamabotolo tinkasowa, ndipo mwezi wina tinasowa madzi mu labu yoyeza madzi. Koma m'zaka zisanu sindinaswe botolo ngakhale limodzi, sindinasokoneze nambala, ndipo dzanja langa linafika potunga kadontho kamodzi ndi pipeti, kachubu koyezera madontho, lole ya nzimbe ikudutsa panja n'kugwedeza nyumba yonse. Mbiri imeneyi ndiyo inali satifiketi yanga. Ina ndinalibe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi: Ngabu

Kunabwera mayi wina wochokera kunja, katswiri wa DNA, ndi mabokosi odzaza lole. Dzina lake linkatipweteka lilime, choncho tonse tinkangoti a Dokotala. Anapeza zipinda zitatu kuseri kwa nyumba ina pa Ngabu, ndipo a Maseya ananditumiza kwa iwo ndi kalata ya mizere iwiri, ngati mbuzi ya mphatso.

Masiku ano DNA mumaimva pa wailesi anthu akakangana za mimba, koma ife sizinali zimenezo. Ndifotokoze mmene ndinkafotokozera alimi. M'kachidutswa kalikonse ka thupi, kosaoneka ndi maso, muli ulusi wautali umene unalembedwa malangizo onse a thupi. Dzuwa, utsi ndi mankhwala zimadula ulusiwo tsiku ndi tsiku, ndipo thupi lili ndi atelala ake amene amausoka. Ena atelala awo ndi achangu. Ena atelala awo ali ngati wa pamsika uja amene anakhala ndi thalauzi langa la ukwati mpaka Grace wathu atabadwa. A Dokotala ankafuna kudziwa zinthu ziwiri: ngati mankhwala opopera thonje amadula ulusiwo, ndiponso ngati mwana amatengera atelala kwa bambo ake. Choncho ankafuna magazi a anthu awiriawiri opopera m'munda umodzi, mnyamata wamkulu ndi bambo ake, otengedwa m'nyengo yopopera basi, pasanathe tsiku munthu atatula mpope.

Pakati pa ine ndi a Dokotala panali a Mhango, woyang'anira labu, mwini digiri yeniyeni imene anaipachika pamwamba pa firiji. Ankavala tayi pa Ngabu mu Okutobala, ndipo ndinaona kuti munthu wotere angathe kuchita chilichonse. Ankanditchula kuti a Zaka Ziwiri. Buku lalikulu la labu linkakhala kwa iwo, ndipo zolowa m'bukumo m'mawa zinkatulukira pa botolo sitolo dzuwa lisanalowe, chifukwa a Mhango akamwa awiri ankakonda kuphunzitsa anthu sayansi. Iwo anali ochokera kumpoto, Chisena sankamva, ndiye ntchito zonse zolankhula ndi anthu zinagwera ine: kumasulira fomu yovomerezera, kuwerengera osatha kuwerenga, ndi kutukwanidwa m'malo mwa sayansi.

Msonkhano woyamba tinachitira pa shedi yogulira thonje. Anthu anakhala kutali ndi ife ngati tili ndi mphere. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kuti, "Magazi athuwo mukupita nawo kuti?" Ndinati mu firiji. "Akachoka mu firijimo?" Ndinati mu firiji ina yozizira kwambiri. "Ndiye mwabwera ulendo wonsewu kudzaziziritsa magazi?" Ndinamasulira funsolo kwa a Dokotala, ndipo anaganiza kanthawi n'kunena kuti mwa njira ina, inde. Kuona mtima kumeneku kunatithandiza kuposa sopo amene tinagawa. Koma anthu anaika lamulo lawo: pasankhidwe komiti ya alimi, ndipo banja lililonse limene lidzachotsedwe pa kafukufuku, chifukwa chake chidzanenedwe poyera pamaso pa komitiyo, kuti pasadzakhale magazi osowa mwakachetechete. A Dokotala anasaina. Ine ndinawomba m'manja.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, Januwale mpaka Epulo

Miyezi imeneyi ndinkadzuka ndi njinga ndi bokosi la ayezi kumbuyo. Ayezi tinkagula kwa ogulitsa nsomba, moti magazi a anthu a Mulungu ankafika mu labu akununkha mlamba. Magetsi ankabwera ngati mlendo wolemekezeka, osanena tsiku. Jenereta inali ndi mtima wake. Magolovesi atatha ndinkachapa akale n'kuyanika pa chingwe, ndipo anthu odutsa ataona manja makumi awiri akulendewera kuseri kwa labu, tinataya mabanja awiri tsiku lomwelo. Panalinso kanthu kena kotchedwa RNA, kamene kamasonyeza ngati atelala aja ali pa ntchito kapena akugona. Kameneka kamawonongeka ukangokapumira, ndiye talingalirani pa Ngabu masana. Ndinkathamanga nako kuchoka pa njinga kupita ku firiji ngati ndanyamula khala lamoto m'manja.

Pofika Epulo tinali ndi mabanja makumi anayi, timabotolo makumi asanu ndi atatu, tonse tolembedwa ndi dzanja langa. A Dokotala anandiitana n'kunena kuti ntchito ikatha akutsegula labu yaikulu ku Blantyre, anditenga, ndipo andibwezera kusukulu ndikamalize zimene ndinasiya. Ndinathokoza modekha ngati munthu wozolowera zabwino. Nditafika kunyumba ndinauza amayi anu, ndipo iwo anauza anthu ochepa okha, a mu kwaya.

Chaka chomwecho, Juni

Tisanayeze za atelala, tinkayamba tatsimikiza kuti timabotolo sitinasokonezeke. Tinkachulukitsa tizidutswa ta DNA m'makina, n'kutidonthezera pa jelo, chinthu chonga phala loundana, n'kudutsitsamo magetsi. Ukaunika ndi nyali yake pamaoneka timizere. Pamalo paliponse mwana amakhala ndi mzere umodzi wochokera kwa mayi, wina kwa bambo. Ukapeza malo amene mwana alibe mzere wa bambo, ndiye kuti wina wanama: botolo, makina, kapena munthu.

Mabanja asanu ndi anayi anatuluka choncho. A Dokotala anayala zithunzi patebulo. Woyamba kulankhula anali a Mhango. "A Zaka Ziwiri," anatero, "mukamalemba manambala mumayambira kumanja kapena kumanzere?" Ndinati zimatengera kumene kwayambira nambalayo. Anati si zoseka, limodzi kapena awiri zimachitika, koma asanu ndi anayi ndiye kuti pali dzanja limene silinamalize sukulu. A Dokotala anandipatsa miyezi iwiri kuti ndipeze chimene chachitika. Za Blantyre sanatchule, ndipo kusatchulako ndinakumva bwino lomwe.

Ndinatsata chipembedzo changa mwandondomeko. Ndinakayikira makina, ndinawayesa ndi magazi anga, anayankha bwino. Ndinakayikira mankhwala a m'mabotolo. Ndinakayikira wogulitsa ayezi, ngakhale sindinkadziwa kuti akanatani. Ndinakayikira a Mhango masiku anayi athunthu: ndinkamata tsitsi limodzi pa chitseko cha firiji ndikamachoka, kuti ndione ngati wina watsegula. M'mawa uliwonse tsitsilo ndinkalipeza pomwepo, ndipo zimenezi zinangondionetsa kuti a Mhango ndi ochenjera kuposa mmene ndinkaganizira. Mlungu woyamba utatha ndinatenga njinga kuti ndikaone anthu enieniwo.

Ndinayambira kwa a Fombe, amene anabwera ndi mnyamata dzina lake Yohane. Ndinawapeza akusankha thonje pakhonde. Titapatsana moni ndinafunsa mozungulira ngati Yohane ndi mwana wawo.

"Ande, mwana wanga," anavomera m'Chisena.

"Ndikutanthauza, munamubereka ndinu?"

"Anamubereka ndi akulu anga. Ali ku Nchalo, akudula nzimbe."

"Nanga bwanji munabwera inu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mbuzi ili ndi miyendo inayi. "Pepala lanu linati abwere ndi bambo ake. Munawerenga ndinu nomwe. Kapena inu mukundiona ngati amalume ake?"

Ndinatulutsa fomu m'chikwama n'kuiwerenga ngati yalembedwa ndi mdani. M'Chingerezi munali mawu awiri: lachiwiri lotanthauza bambo, loyamba lalitali lotanthauza womubereka. Pomasulira ndinaliona loyambalo ngati lokometsera chabe, monga chimachitira Chingerezi, komanso malo papepala anali ochepa. Ndinalemba kuti, "Mnyamata abwere ndi bambo ake." Ine, wobadwira kuno, amene ndili ndi abambo anayi ndipo atatu mwa iwo anandikwapulapo ndi ufulu wonse, ndinalemba zimenezo n'kuwerengera anthu mokweza pa shedi.

Kwina konse zinali chimodzimodzi. Wina bambo ake ankaopa singano, anatuma mng'ono wawo. Awiri abambo awo anamwalira kalekale ndipo analeredwa ndi amene analowa m'nyumba. Wina bambo ake anali kutsidya kwa mtsinje ku maliro. Palibe amene ananama, aliyense anabwera ndi bambo ake. Pofika banja lachisanu ndi chitatu ndinkapalasa ndikuimba. Kulakwitsa kumasulira ndi mlandu wochepa, munthu amakudzudzula n'kukupatsa tiyi. Dzanja langa linali loyera.

Chaka chomwecho, Julayi

Banja lachisanu ndi chinayi linali la amene pano ndiwatchule kuti a Zuze, ndi mwana wawo Tomasi. Si mayina awo, ndipo musavutike kufunsa amayi anu, sakuwadziwa. Ankakhala chakumtsinje. A Zuze anali mdala woseketsa, wochokera kutsidya kalekale. Tomasi anali mwana wawo mmodzi yekha, munthu wamkulu wa ana awiri. Chithunzi chawo chinkandivuta kuyambira pachiyambi. Bambo wamng'ono amagwirizana ndi mwana m'malo ambiri n'kuphonya apo ndi apo, poti magazi ndi amodzi. Koma a Zuze ndi Tomasi ankasiyana ngati anthu okumana pa depoti.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa masawu pamodzi ndi mng'ono wawo, a Alubino. "Afika a Dokotala a timabotolo," anatero a Zuze. "Magazi aja anachepa? Otsalawa ndikugwiritsa ntchito." Ndinaseka, ndinakhala, ndinafunsa funso langa lija, limene tsopano linkatuluka lokha ngati moni.

"Womubereka ndine," anatero a Zuze. "Kapena mwapeza wina wofuna kundithandiza kumudyetsa?"

Ndisanayankhe, a Alubino anasendeza mpando. "Funso limeneli labwera bwanji, achimwene?"

"Tikufunsa aliyense," ndinatero.

"Aliyense? Tamva kuti a Fombe mwawapeza kuti si omubereka. Akuti makina anu ndi amene anaona." Anatembenukira kwa akulu awo. "Zaka khumi pakhomo pano panali zii, osamva mwana akulira. Kenako mwana. Ife tinangoti Mulungu ndi wamkulu." Anabwereranso kwa ine. "Makina anu aona chiyani kuno?"

"Sanafike pa nambala yanu," ndinatero. "Magetsi."

Pa Ngabu bodza limeneli palibe amene angalitsutse. A Zuze anaseka n'kuyamba nkhani ya mtengo wa thonje. A Alubino sanaseke.

Potsanzika, wondiperekeza anali mayi ake a Tomasi, amene nthawi yonseyi ankapeta mapira chapatali. Tinayenda mpaka nyumba zitabisika. Analankhula akuyang'ana tayala la njinga yanga.

"Makina anuwo akaona chinthu amauza ndani?"

"Amauza ine, mayi."

"Inu mumauza ndani?"

"Buku."

"Bukulo limauza ndani?"

Ndinaganiza za a Mhango atamwa awiri.

"Dimba lija la kumtsinje," anatero, "alamu anga akhala akuliyeza ndi maso kuyambira Tomasi asanabadwe. Kuno munda umatsata magazi a bambo, mukudziwa. Tomasi ali ndi ana awiri. Ine kwathu kutsidya kulibenso wondidziwa nkhope." Anaima pomwepo. "Muyende bwino, mwananga."

Ine sindinafunse china. Kaya zinachitika bwanji zaka zimenezo, kaya akuluakulu anakonza okha monga ankachitira nyumba ikakhala zii, kaya ndi zina, sinali ntchito ya pipeti.

Chaka chomwecho, Ogasiti

Ndinaiyeza nkhaniyi mbali zonse. Ndikalemba zoona, mabanja onse asanu ndi anayi akawerengedwa pamaso pa komiti ndi chifukwa chimodzi: amene anabwera si womubereka. Asanu ndi atatu akaseka. Lachisanu ndi chinayi likathera pomwepo, a Alubino ali pa benchi loyamba. Ndinaganiza zouza a Dokotala pambali. Koma a Dokotala anali munthu amene anavomera pagulu kuti anabwera kudzaziziritsa magazi. Sakananena dzina poyera, inde, koma sakanalembanso bodza m'buku, ndipo akanangoti "chifukwa chachinsinsi", pa Ngabu ndi chimodzimodzi kulengeza pa chimkuzamawu. Komanso iwo anali kuchoka, timabotolo n'kutsala mu firiji, makiyi ali kwa a Mhango, ndipo aliyense wofuna kubwereza kuyeza akanapeza zomwezo. Panafunika chifukwa china chochotsera banja la a Zuze, choti anthu akhulupirire msanga. Pa labu yonse chinthu chimene anthu anali okonzeka kukhulupirira chinali chimodzi: kuti a Zaka Ziwiri asokoneza.

Lachitatu masana, a Mhango atapita kukadya, ndinatsegula firiji n'kutenga timabotolo tonse ta Tomasi, ta magazi ndi ta DNA yosungunula kale. Kuseri kwa labu kunali ng'anjo yootchera masingano ndi thonje lamagazi. Ndinaponyamo, ndinathira parafini, ndinaima pomwepo mpaka pulasitiki itasanduka phula. Magazi ena sakanatengedwanso, poti nyengo yopopera inali itatha. Ndinasamba m'manja, ndinakadya mbatata yanga.

Madzulo ake ndinapereka lipoti. Mabanja asanu ndi atatu: kulakwitsa kwa womasulira fomu. Banja la a Zuze: ndinalemba kuti tsiku lotenga magazi kabotolo ka Tomasi kanandigwa n'kusweka, ndinachita mantha, ndinathiramo otsala a munthu wina, ndipo nditaona kuti zidziwika ndinataya zonse. A Mhango anawerenga kawiri, kachiwiri mokweza, mosangalala ngati akuwerenga kalata ya chibwenzi. A Dokotala anawapempha atuluke.

"Kalata ya a Maseya inali ya mizere iwiri," anatero. "Umodzi unali wakuti simunaswepo botolo."

"Ndinayamba chaka chino, a Dokotala."

"Otsala a munthu wina. Ndani?"

"Ndaiwala."

"Inu mumakumbukira nambala ya botolo lililonse mu firiji muja."

"Kutentha, a Dokotala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akundikayikira, osati pa zimene ndavomera koma pa zimene sindinavomere. Anati, "Mukudziwa kuti kugwetsa botolo ndikanakhululuka, koma kuthiramo magazi a wina sindingathe? Ndikalemba izi, ku Blantyre sindingakutengeni. Palibe amene angandilole. Ndikufunsani komaliza: ndilembe zimenezi?"

Ndinati alembe. Analemba pang'onopang'ono, ngati akundipatsa mpata pa liwu lililonse.

Sanandichotse ntchito. Anandipezera malo ku Makhanga, pa kafukufuku wina, kugwira udzudzu n'kuuika m'timabotolo kuti ena akauyeze DNA kutali. Udzudzu ulibe abambo aang'ono, ndipo ukausokoneza palibe amene amataya munda. Ndinagwira ntchito imeneyo mpaka kupuma. Inu amene mumandifunsa chifukwa chimene munakulira kokwera bwato popita kuchigayo pamene ana a a Mhango ankakwera minibasi ku Blantyre, yankho ndi limeneli. Amayi anu ndinawauza za kabotolo kogwa, ndipo anakhala chaka osaimba mu kwaya.

Koma ndisanasamuke panali msonkhano wa komiti, pa shedi pomwe paja. Ndinawerenga ndekha, poti womasulira ndinali ine. Pa mabanja asanu ndi atatu anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo a Fombe anaimirira kufunsa ngati abweze sopo. Kenako ndinawerenga za a Zuze, m'Chichewa ndi m'Chisena, kuti pasakhale wonena kuti sanamve: kabotolo kanagwa, wolakwa ndine, makina sanaone magazi a Tomasi ndi pang'ono pomwe. A Alubino anafunsa ngati sangatengedwe ena. A Dokotala anayankha zoona, kuti nyengo yatha ndipo kafukufuku watsekedwa. A Alubino anakhala pansi akundiyang'ana ngati munthu amene wagulitsidwa mbuzi yodwala koma sakudziwa kuti ikudwala pati.

Ndiye anaimirira a Zuze. Sindinatukwanidwepo bwino chotero. Anati iwo anasiya munda, anayenda wapansi ndi mwana wawo, anapereka mkono, ndipo munthu wovala chikhoti cha eni ake anakathira magazi awo pansi ngati madzi otsukira mbale. Anati manja anga ndi oyenera kugwira khasu, ndipo khasulo likhale la wina. Anafunsa a Dokotala ngati kwawo kulibe anthu omaliza sukulu. Anthu anaseka, a Mhango anagwedeza mutu movomereza ngakhale theka sankalimva. Ine ndinaima nditaweramitsa mutu monga woyenera, koma khutu langa la mu labu linali kugwira ntchito. Mdalayo ankakalipa mopitirira muyezo wa kabotolo kamodzi, ndipo pokalipapo sankayang'ana ine. Ankayang'ana mng'ono wake.

Anthu atabalalika ndinapita kuseri kwa shedi kukatenga njinga. Ndinapeza a Zuze atagwada pambali pa yawo, akubwezera tcheni chimene ine ndinaona kuti sichinagwe. Sanadzutse mutu.

"Kabotolo kaja," anatero motsitsa. "Katayikadi?"

"Katayika, bambo."

"Sikangapezeke? Mwina wina posesa?"

"Nkhabe, sikangapezeke. Ndinakaotcha ndekha. Ndinaima pomwepo mpaka kutha."

Anazunguza pedulo kamodzi ndi dzanja, tcheni chinalira bwinobwino. Anapukuta zala pa thalauzi.

"Pyadidi," anatero m'Chisena, ndiko kuti zili bwino.

Anakankha njinga mpaka pamsewu, pamene Tomasi ankawadikira. Tomasi anagwira mahandulo, mdalayo anakhala pa keliyala n'kugwira malaya a mwana wake kumsana, ndipo anatsetsereka kulowera kumtsinje.